Mtengo wa Kobiri Lakale: Mbiri ya Osonkhanitsa Ndalama za ku Britain

M'nyumba zambiri za m'dziko lino muli kachitini kapena kathumba kamene agogo adasungamo ndalama zachitsulo za m'nthawi ya atsamunda. Zina n'zofiirira, zina n'zotuwa, zina n'zoboola pakati, ndipo pafupifupi zonse zili ndi mutu kapena dzina la mfumu ya ku Britain. Ndalama zotere sizigula kanthu m'sitolo, komabe mdzukulu akazipeza funso lake loyamba limakhala lakuti, kodi zingagulitsidwe ndalama zingati? Yankho la funso limeneli lili ku Britain komweko, kumene kwa zaka zoposa 300 kwakhala anthu osonkhanitsa, kugula ndi kugulitsa ndalama zakale, ena monga ntchito yowapatsa chakudya, ena monga chinthu chapamtima chochita pa nthawi yopuma. Mbiri ya anthu amenewa ili ndi phunziro limodzi lalikulu: kukhalitsa pakokha sikupatsa ndalama mtengo. Zimene zimaipatsa mtengo ndi kusowa kwake, maonekedwe ake, ndiponso umboni wakuti ndi yeniyeni. Munthu wosadziwa zinthu zitatuzi amataya chuma osazindikira, kapena amagula chinyengo ndi thukuta lake.

Paundi, shilingi ndi kobiri

Kufikira chaka cha 1971 Angerezi ankawerenga ndalama zawo mwa njira imene idazunza ana a sukulu ambiri, ku Britain ngakhalenso ku Nyasaland. Makobiri 12 ankapanga shilingi imodzi, mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi, motero paundi idali makobiri 240. Kobiri ndilo limene Angerezi amalitcha penny, ndipo m'nkhani ino mawu akuti kobiri akutanthauza ndalama imeneyo. Padalinso tiki, ya makobiri atatu. Sikisipensi, ya makobiri 6. Florin, ya mashilingi awiri. Ndi hafukoloni, ya mashilingi awiri ndi makobiri 6. Polemba, kobiri ankaliimira ndi chilembo d, chochokera ku denarius, ndalama ya Aroma akale.

Kobiri lidakhazikika m'masiku a Offa, mfumu ya ku Mercia, amene adalamulira kuyambira 757 mpaka 796. Pa nthawiyo lidali la siliva, lopyapyala ngati tsamba. Amisiri ankalisula ndi manja: ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo n'kumenya ndi nyundo. Popeza ndalama zotere sizinkatuluka zozungulira bwino, anthu osaona mtima ankadulako siliva m'mphepete n'kumaziyendetsabe ngati zathunthu. Makina atalowa m'malo mwa nyundo m'zaka za m'ma 1660, boma lidayamba kuika timizere kapena malemba m'mphepetemo kuti kudulako kuzionekera. Isaac Newton, amene ana amamudziwa m'maphunziro a sayansi, adagwira ntchito ku Royal Mint, nyumba ya boma yosulira ndalama, kuyambira 1696 mpaka imfa yake mu 1727, ndipo adalimbana kwambiri ndi opanga ndalama zabodza.

Kobiri la mkuwa lidatuluka mu 1797. Lidasulidwa ndi makina oyendera nthunzi a Matthew Boulton, kufupi ndi Birmingham, ndipo linkalemera magalamu 28. Mu 1860 boma lidatulutsa kobiri lopepukirapo, la mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo msinkhu wake sudasinthenso mpaka mapeto. N'chifukwa chake munthu wa ku London m'zaka za m'ma 1960 ankatha kulandira pa chenji kobiri la mutu wa Mfumukazi Victoria, losulidwa zaka 100 m'mbuyomo.

Mmene zidafikira ku Nyasaland

Makolo asanaone ndalama za Angerezi ankasinthana katundu: mchere, makasu, mikanda, nsalu, nkhuku ndi mbuzi. Boma la Britain litakhazikitsa ulamuliro wake kuno mu 1891, lidabweretsa msonkho wa nyumba, umene pakati pa zaka za m'ma 1890 udali mashilingi atatu pa chaka. Msonkho umenewu ndi umodzi wa zinthu zimene zidakakamiza amuna ambiri kukafuna ndalama, ena m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya ku Johannesburg. Ndalama ya ku India, rupee, idayendako m'zaka zoyambirira n'kusiya mawu akuti lupiya, koma posakhalitsa shilingi ya Angerezi idatenga malo.

Komatu si ndalama iliyonse yokhala ndi mutu wa mfumu ya ku Britain imene ili ya ku Britain. Southern Rhodesia idayamba kutulutsa ndalama zakezake mu 1932, ndipo zidayendanso ku Nyasaland. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1955, kudabwera ndalama zolembedwa Rhodesia and Nyasaland: kobiri loboola la njovu ziwiri, tiki ya duwa, mashilingi awiri a nkhwazi. Ku Britain kwenikweniko sikudayendepo kobiri loboola. Mu 1964 Malawi idatulutsa zake za mutu wa Kamuzu Banda, sikisipensi ya tambala ndi shilingi ya chimanga, kufikira kwacha italowa mu 1971, makwacha awiri kulingana ndi paundi imodzi. Tsono ntchito yoyamba ya wopeza kachitini ka agogo ndi kuwerenga malemba, chifukwa ndalama za ku Britain sizilembedwa dzina la dziko la mu Africa.

Chiyambi cha osonkhanitsa

Poyamba kusonkhanitsa ndalama zakale kudali kwa mafumu ndi anthu olemera, popeza wosauka sangasunge ndalama m'kabati ana akugona ndi njala. Sir Robert Cotton, amene adamwalira mu 1631, adasonkhanitsa makobiri a mafumu akale a ku England pamodzi ndi mabuku awo. Sir Hans Sloane atamwalira mu 1753, katundu wake, kuphatikizapo ndalama zakale zikwi zambiri, adakhala maziko a British Museum. Dokotala William Hunter adasiyira yunivesite ya Glasgow ndalama zake, ndipo nyumba yozisungira idatsegulidwa mu 1807. Amayi nawo sadatsalire: zimene Sarah Sophia Banks adasonkhanitsa zidagawidwa pakati pa British Museum ndi Royal Mint atamwalira mu 1818.

Anthu amenewa sankafuna phindu kwenikweni. Ankaona ndalama ngati mboni za mbiri, pakuti kandalama kamodzi kamatha kutchula dzina la mfumu, mzinda umene kadasulidwa, ngakhale dzina la mmisiri. Mu 1836 akatswiri adakhazikitsa bungwe ku London, limene lero limatchedwa Royal Numismatic Society, ndipo mu 1903 kudabadwa lina, British Numismatic Society, loyang'ana makamaka ndalama za ku Britain.

Pamene pali ogula, ogulitsa sasowa. Kampani ya Spink, imene imawerenga chiyambi chake kuchokera mu 1666, idayamba mu 1892 kusindikiza kabuku kotchula ndalama zimene idali nazo pamodzi ndi mitengo yake, kotero kuti mphunzitsi kapena m'busa wa kutali ndi London ankatha kuitanitsa kudzera pa positi. Kampani ya Baldwin idayamba mu 1872, ya Seaby mu 1926. Mu 1929 Seaby adatulutsa buku la mitengo ya ndalama za ku Britain, limene m'kupita kwa nthawi lidayamba kutuluka chaka ndi chaka. Bukuli lidathandiza kuti wogula ndi wogulitsa azikambirana onse akudziwa poyambira.

Chipwirikiti cha m'zaka za m'ma 1960

Anthu wamba adalowa m'malonda amenewa mwaunyinji boma litalengeza mu 1966 kuti paundi idzagawidwa m'makobiri atsopano 100. Podziwa kuti ndalama zimene adakula nazo zili pafupi kutha, ana a sukulu, ogulitsa m'masitolo ndi makondakitala a mabasi adayamba kuyang'anitsitsa chenji chilichonse. Timabuku totchipa ta mitengo tidagulidwa kwambiri. Aliyense ankasaka makobiri a 1950 ndi 1951, chifukwa mu 1950 adasulidwa 240,000 okha ndipo mu 1951 adasulidwa 120,000 okha, ambiri a iwo n'kutumizidwa ku zilumba zakutali monga Bermuda. Ankasakanso makobiri a 1918 ndi 1919 okhala ndi tizilembo H kapena KN pafupi ndi chaka, tosonyeza kuti adasulidwa ndi makampani a ku Birmingham pothandiza Royal Mint.

Ndalama zakalezo zidachoka imodziimodzi. Hafukoloni idaleka kugwira ntchito pa 1 Januwale 1970. Tsiku losinthira lidali 15 Febuluwale 1971, ndipo kobiri ndi tiki zidatha pa 31 Ogasiti chaka chomwecho. Sikisipensi, imene Angerezi ankaikonda chifukwa cha mwambo woibisa m'chakudya cha Khirisimasi ndi woiika m'nsapato ya mkwatibwi, idakhalabe mpaka 1980.

Anthu ambiri adaganiza kuti kobiri la chaka chotsiriza lidzakhala lamtengo wapatali, motero adasunga matumba athunthu a makobiri a 1967. Adaiwala kuti anzawo onse adaganiza chimodzimodzi, ndiponso kuti makobiri a chaka chimenecho adasulidwa oposa 654 miliyoni. N'chimodzimodzi ndalama ya mashilingi asanu yokumbukira Winston Churchill ya 1965: idasulidwa yoposa 19 miliyoni, mabanja adaisunga mosamala m'madilowa, ndipo mpaka lero mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Chinthu chimene aliyense wasunga sichisowa, ndipo chosasowa sichikwera mtengo.

Kobiri la 1933

Palibe ndalama imene idalowa m'maloto a Angerezi kuposa kobiri la 1933. M'chaka chimenecho mabanki adali ndi makobiri ochuluka kwambiri, kotero Royal Mint siidasule ena oti ayende pakati pa anthu. Koma kudali mwambo wakuti pomanga nyumba yofunika, ankakwirira ndalama za chaka chimenecho pansi pa mwala wa maziko. Chifukwa cha mwambo umenewu, ndiponso pofuna kuti nyumba zosungiramo zinthu zakale zikhale nalo, adasula makobiri owerengeka. Chiwerengero chake sichidalembedwe m'mabuku, koma akatswiri amavomerezana kuti adali 6 kapena 7.

Atatu adakwiriridwa. Limodzi lili pansi pa Senate House ya yunivesite ya London. Lachiwiri lidaikidwa pansi pa tchalitchi cha St Cross ku Middleton, mumzinda wa Leeds, ndipo lachitatu pansi pa tchalitchi cha St Mary ku Hawksworth Wood, ku Leeds komweko. Limodzi lidapita ku British Museum, lina lidatsala ku Royal Mint. Popeza kobiri la 1933 silisiyana maonekedwe ndi anzake a Mfumu George V, mbiri idafala yakuti mwina lina lidasochera n'kulowa m'chenji. Kwa zaka pafupifupi 40 ana ndi akulu omwe ankatembenuza kobiri lililonse kuti aone chaka.

Mu 1970, chipwirikiti chija chili pachimake, zidadziwika kuti akuba adafukula maziko a tchalitchi cha St Cross n'kutenga ndalama zimene zidali pamenepo. Poona izi, akuluakulu a mpingo adalamula kuti kobiri la ku St Mary lifukulidwe lisanabedwe, ndipo lidagulitsidwa pa okushoni mu 1972. Mu 2016 kobiri lina la 1933 lidagulidwa madola 193,875 pa okushoni ya ku America. M'chaka chomwecho kampani ya Baldwin idagulitsa pa mapaundi 72,000 limodzi la makobiri anayi oyeserera a 1933, amene mutu wa mfumu adaujambula ndi mmisiri wa ku France, André Lavrillier.

Nanga lobedwa lija? Silidaonekenso poyera. Wakubayo adanyamula chinthu chimene sangachigulitse pamaso pa anthu, chifukwa makobiri enawo amadziwika kumene ali, ndipo lililonse lotulukira mwadzidzidzi limafunsidwa kumene lachokera. Pa msika umenewu ndalama yopanda mbiri yomveka ili ngati ng'ombe yopanda chikalata: yonenepa ndithu, koma wogula wanzeru saiyandikira.

Mbiri ya kobiri limeneli idabala achinyengo. Ena amatenga kobiri la chaka china cha m'ma 1930, n'kusema nambala yotsiriza kuti ioneke ngati 3. Ena amanamizira makobiri a 1933 a ku Australia, Ireland kapena South Africa, amene ali ndi chaka chomwecho koma adasulidwa ambiri. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene zimapatsa ndalama mtengo

Choyamba ndi kusowa. Kandalama ka mkuwa ka Aroma, kosulidwa zaka 1,600 zapitazo, kamagulidwa mapaundi ochepa chabe, chifukwa tinzake timafukulidwa tambirimbiri m'minda ya ku Britain. Pamene 50p ya 2009 yokumbukira munda wa maluwa wa Kew Gardens, imene idasulidwa 210,000 yokha, anthu akhala akuigula mapaundi oposa 100. Chitsanzo china ndi Mfumu Edward VIII, amene adatula pansi ufumu mu Disembala 1936 ndalama za mutu wake zisanatuluke. Zoyeserera zochepa zidatsala, ndipo imodzi ya golide idagulidwa mapaundi 1 miliyoni mu Januwale 2020. Koma ndalama zoboola za 1936 za ku East Africa, zolembedwa dzina la mfumu yomweyo popanda mutu wake, zidasulidwa zambiri ndipo n'zotchipa.

Chachiwiri ndi maonekedwe. Osonkhanitsa a ku Britain ali ndi masitepe anayi akuluakulu. F ndi ndalama yoperepeseka koma yowerengeka bwino. VF ndi yoperepeseka pang'ono. EF ndi imene yangokhudzidwa pamwambapamwamba. Ndipo Unc ndi imene siidayendepo m'manja mwa anthu. Ku America amagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 70, ndipo kuli makampani monga PCGS, ya 1986, ndi NGC, ya 1987, amene amayesa ndalama n'kuitsekera m'kapulasitiki kolimba kolembedwa nambala yake. Makobiri awiri a chaka chimodzi amatha kusiyana mtengo kwakukulu zedi chifukwa chakuti pa lina tsitsi la mfumukazi likuoneka lililonse, pamene pa linzake mutu udasalala.

Apa mpamene anthu ambiri amadzipweteka okha. Munthu akapeza ndalama yakuda, mtima umamuuza kuti aikweche ndi phulusa, mchenga, ndimu kapena polishi kuti iwale. Kukwechako kumachotsa khungu limene chitsulo chidavala m'zaka zambiri, n'kusiya timikwingwirima timene wodziwa amationa msanga ndi galasi lokulitsa zinthu. Ndalama yokwechedwa imatsika mtengo kwambiri ndipo siibwereranso mwakale. Yobooledwa ndi msomali kuti ikhale mkanda imatsikiratu.

Chachitatu ndi chitsulo chake, chimene chimaika malire a pansi pa mtengo. Tiki zoyera, masikisipensi, mashilingi, maflorin ndi mahafukoloni a ku Britain a 1919 kubwerera m'mbuyo ndi a siliva wabwino, magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva adali theka lokha, ndipo kuyambira 1947 mudalibenso siliva ngakhale pang'ono, ngakhale ndalamazo zinkaonekabe zoyera. Sovereign, paundi ya golide imene idatuluka mu 1817 ndi chithunzi cha George Woyera akulasa chinjoka, imalemera magalamu 7.98, ndipo ngakhale yoperepeseka imagulidwa potsata mtengo wa golide wa tsiku limenelo.

Mmene malonda amayendera

Njira zogulitsira zilipo zingapo. Yoyamba ndi kupita kwa wamalonda, amene amalipira pompopompo koma motsikirapo, popeza naye ayenera kudya ndipo ndalamayo itha kukhala m'kabati mwake miyezi yambiri. Ambiri a amalonda odalirika ku Britain ali m'bungwe la BNTA, limene lidayamba mu 1973 ndipo limachititsa chionetsero cha Coinex ku London. Mitengo ya m'mabuku ndi imene wamalonda amagulitsira, osati imene amagulira, ndipo kusamvetsa zimenezi kwakhumudwitsa ogulitsa ambiri.

Yachiwiri ndi okushoni, imene alimi a fodya amaidziwa bwino. Ndalama imajambulidwa, imafotokozedwa m'buku pamodzi ndi maina a amene adakhalapo nayo, kenaka ogula amapikisana. Eni okushoni amadula gawo lawo kwa wogulitsa, n'kuwonjezeranso lina kwa wogula. Chitsanzo ndi kobiri la golide la Mfumu Henry III, la 1257, limene lidapezeka m'munda ku Devon mu 2021. Kampani ya Spink italigulitsa mu Januwale 2022, nyundo idagwa pa mapaundi 540,000, koma wogula adalipira mapaundi 648,000.

Yachitatu ndi intaneti. Kuchokera pamene eBay idayamba mu 1995, aliyense atha kuika ndalama pa malonda ali m'nyumba mwake. Ubwino wake ngwakuti osonkhanitsa a m'maiko osiyanasiyana amapezana mosavuta. Kuipa kwake ngwakuti aliyense atha kulemba mtengo uliwonse. Munthu amaona kobiri wamba la 1967 litalembedwa mapaundi zikwi zingapo n'kuyesa kuti walemera, osadziwa kuti mtengo wopempha si mtengo wogulira. Wanzeru amayang'ana zimene zidagulidwadi. Ndalama zabodza nazo zachuluka, n'chifukwa chake wosonkhanitsa weniweni sasiyana ndi sikelo yaing'ono, choyezera msinkhu, galasi ndi maginito. Siliva, golide ndi mkuwa sizimamatira ku maginito, choncho shilingi yakale ikamamatira ndiye kuti ndi yabodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zofukulidwa m'nthaka

Kuyambira zaka za m'ma 1970, makina ofufuzira zitsulo pansi abweretsa pa msika ndalama zambiri zimene zidagona m'minda kwa zaka mazana. Mu 2006 munthu wina adapeza ndalama ya golide ya Mfumu Edward III, ya 1344, imene idagulidwa mapaundi 460,000. Pofuna kuti mbiri isamwazike, nyumba ya malamulo idakhazikitsa Treasure Act mu 1996. Malinga ndi lamuloli, wopeza ndalama ziwiri kapena kuposerapo za golide kapena siliva, za zaka zoposa 300, pamalo amodzi, ayenera kukanena kwa akuluakulu a boma pasanathe masiku 14. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ikazifuna imalipira mtengo wa pa msika, ndipo kawirikawiri wopeza ndi mwini munda amagawana pakati.

Nkhani ziwiri zikuonetsa mapeto a njira ziwiri. Mu Januwale 2019 gulu la anthu lidafukula makobiri a siliva 2,584 ku Chew Valley, a Mfumu Harold II ndi William I, a nthawi ya nkhondo ya 1066. Adakanena monga mwa lamulo, ndipo mu 2024 chumacho chidagulidwa mapaundi 4.3 miliyoni kuti chisungidwe pamodzi anthu azichiona. Koma mu 2015 amuna awiri adapeza chuma cha m'nthawi ya ma Viking kufupi ndi Leominster ku Herefordshire, n'kuchibisa ndi kuyamba kuchigulitsa mwamseri. Mu 2019 adamangidwa, ndipo ndalama zambiri sizidapezekenso. Zina mwa zopezekazo zikuonetsa Mfumu Alfred ya ku Wessex itakhala pamodzi ndi Ceolwulf II wa ku Mercia, chizindikiro chakuti awiriwa adagwirizanapo, pamene mabuku akale adamunyoza Ceolwulf ngati munthu wopanda pake. Akadanena, amunawo akadalandira mphotho, ndipo dziko likadadziwa zambiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kwa mdzukulu amene wapeza kachitini

Kunena zoona, ndalama zambiri za m'zitini za agogo ndi zofala ndiponso zoperepeseka, pakuti zidayenda m'misika, m'masitolo a Mandala ndi a amwenye, ndi m'mbale za chopereka. Wamalonda wa ku London sangazipatse mtengo waukulu. Komabe pali zoyenera kuchita. Mdzukulu asazikweche. Azigwire m'mphepete, aziike payokhapayokha m'timapepala, pamalo ouma. Awerenge dzina la dziko, dzina la mfumu ndi chaka. Apatule zoyera za ku Britain za 1946 kubwerera m'mbuyo, chifukwa muli siliva. Ikapezeka yachikasu, yaing'ono koma yolemera, ya munthu wokwera kavalo akulasa chinjoka, aiyeze pa sikelo ndipo asaigulitse kwa munthu woyamba kutchula mtengo. Afunse anthu awiri kapena atatu odziwa, pakuti safunsa adadya phula. Achenjerenso ndi aliyense womuuza kuti ndalama yake ndi ya mamiliyoni koma ayambe walipira kenakake kuti wogula abwere. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa.

Osonkhanitsa a ku Britain amasunga kapepala pambali pa ndalama iliyonse, kotchula amene adali nayo, kumene adaipeza ndi chaka chake, ndipo kapepala kameneka kamayenda ndi ndalamayo kuchoka kwa mwini kupita kwa mwini. Mwambo umenewu ndi woyenera kuutengera. Agogo akadali moyo afunsidwe kuti shilingi iyi idabwera ndi yani, kuchokera ku mgodi uti kapena munda uti, inkagula chiyani, ndipo msonkho wa chaka chimenecho udali ndalama zingati. Mayankho alembedwe n'kuikidwa m'kachitini momwemo. Kobiri loboola la njovu ziwiri silingagule njinga, koma likakhala ndi kapepala kotero, ana a mdzukuluyo adzadziwa kumene makolo awo adayenda ndi zimene adapirira kuti alipeze.